Usipa umene ndinkabisa m'chigumu

Mwana wanga wamkazi, mzime, anasiya kudya nsomba ali ndi zaka zitatu. Munga wa chambo unamuima pakhosi tikudya masana. Tinamumezetsa nthochi, tinamumenya kumsana, koma osatheka, mpaka tinakwera naye kabaza kupita kuchipatala ku boma kumene anakautulutsa ndi kachitsulo. Kuyambira tsiku limenelo, akangomva fungo la nsomba ankatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

Taganizani, mwana wa msodzi, wobadwira pamene mathandala oyanikapo usipa achita kugundana ndi khonde. Kwathu kuno kunyanja ukachotsa nsomba m'mbale, mwatsalanso chiyani? Nyama timaiona pa Idi ndi pa sadaka. Ndiye mwana uja anayamba kukhalira tiyi, mandasi ndi nsima yosunsa m'madzi a tomato. Nyemba ankati zili ndi makoko, masamba ankati akuwawa. Ndinanyengerera, ndinaopseza, bambo ake ankakhala pansi kumuchotsera minga umodziumodzi iye akuona, koma ayi ndithu.

Thupi linayamba kutha. Tsitsi linafiira, timikono tinangokhala ngati bango. Tsiku la sikelo ndinkadana nalo, chifukwa alangizi a zaumoyo akamupachika pasikelo paja ankapukusa mutu, ndipo azimayi anzanga ankandiyang'ana ngati ndine mayi wodyera kuchipinda ana ali panja. Ndinkabwerera kunyumba mtima ukuwawa.

Nzeru yosinja usipa sindinaitenge kwa aliyense, ndinaipeza ndi kulephera. Ulendo woyamba ndinangosinja usipa wouma n'kuthira m'phala, mwana ananunkhiza ali patali n'kuthawa. Kachiwiri phala linawawa chifukwa usipawo sindinauchotse m'mimba. Pang'ono ndi pang'ono ndinadziwa kachitidwe kake. Usipa uja ndinkauchotsa m'mimba, n'kuuviika m'madzi ofunda ofinyiramo mandimu, n'kuuyanikanso, kenako n'kuukazinga pachiwaya popanda mafuta mpaka uzithetheka ukaugwira. Ndikatero ndinkausinja ndi kuusefa mpaka ukhale ngati ufa woyera, chifukwa kamunga kamodzi kokha kakanandiwonongera zonse.

Ufa umenewo ndinkausakaniza ndi mgaiwa, nsinjiro, nthochi zakupsa zija zoda makoko zimene ogulitsa amafuna kutaya, ndi kajinja pang'ono. Ndinkaphika chigumu mumphika, makala pansi, makala pa chivindikiro. M'phala la m'mawa ndinkathiramo ufa wa malambe, chifukwa kuwawasa kwa malambe kumapha fungo lililonse. Mufutali wa mbatata yofiira mkati ndinkathiramonso kasupuni, nsinjiro n'kuphimba mlandu.

Vuto linali fungo pokazinga ndi posinja. Pakhomo panga sizikanatheka, mwana akanadziwa. Paja amati mutu umodzi susenza denga, ndiye ndinapita kwa achemwali anga aakulu, obadwa nawo bere limodzi, amene nyumba yawo ili kuseri kwa mpanda wanga. Ndinawafotokozera zonse, ndikulira. Anandigwira dzanja.

"Usadandaule, mng'ono wanga. Uzisinjira kuno mwana akapita ndi achimwene ake ku madrasa. Wallahi, pali Mulungu, pakamwa panga sipadzatuluka kanthu. Mwana ameneyu ndi wanganso."

Tsiku limene mwana wanga anadya chigumu choyamba sindidzaliiwala. Ananyema kachidutswa, anakanunkhiza monga mwa chizolowezi chake, anakaika pakamwa, ine mtima uli m'mwamba. Atameza anati, "Amayi, china." Ndinathamangira kukhitchini ngati ndikukatenga mpeni, koma ndinkakabisa misozi.

Kuyambira pamenepo pakhomo panga panasintha. Achimwene ake awiri ankalimbirana zam'mbali zopserera pang'ono, bambo awo ankatenga chidutswa popita kunyanja, ndipo mzime wanga ankanyambita zala. Masaya anabwerera, tsitsi linada, anayamba kuthamanga ndi anzake mumchenga mpaka kumuitana ndi mkuwo. Kusikelo alangizi anasiya kupukusa mutu. Atandifunsa chimene ndikumupatsa ndinangoti nsinjiro, chifukwa mwanayo anali pamiyendo panga, ndipo makutu ake ndi akuthwa.

Zinayenda choncho mpaka anakwanitsa zaka zisanu. Ndiye kunabwera uthenga woti alendo a bungwe lina loona za kadyedwe ka ana adzafika kudzaona mmene gulu lathu la azimayi limaphikira. Achemwali anga ndiwo anali mtsogoleri wa gululo. Pakamwa Mulungu anawapatsa, zimenezo sindingawamane, akaima pagulu ngakhale nkhuku zimasiya kupalasa. Anandipempha kuti ndiphike chigumu changa chija. Ndinavomera, koma ndinawauza momveka kuti za usipa akawauze alendowo ndi azimayi ana atachoka. Kubisira azimayi anzanga sindinkafuna, amene ndinkamubisira anali mmodzi yekha. Anaseka n'kunena kuti ndimadandaula zambiri ngati nkhuku yoikira.

Tsikulo linafika, tinayala mikeka pansi pa mtengo wa mango pamene pamachitikira sikelo. Ine ndinali kumbuyo ndi miphika, utsi uli m'maso. Chigumu chitapsa ndinadula, ana onse analandira, mwana wanga nayenso anakhala pamkeka ndi chidutswa chake chachikulu. Alendo analawa n'kuyamba kuyang'anana, mmodzi anafunsa kuti chaphikidwa bwanji. Ndinaona achemwali akukonza mpango wawo kumutu, akupita pamkeka paja, n'kumunyamula mwana wanga m'mwamba.

"Mukumuona mwana uyu? Anali mafupa okhaokha. Sadya nsomba uyu, amaopa minga. Ndiye ine ndinaganiza nzeru, ndinayamba kusinja usipa kunyumba kwanga n'kumaika m'chigumu. Pano akudya usipa tsiku ndi tsiku osadziwa. Ngakhale chimene wagwirachi ndi usipa wokhawokha!"

Anthu anaseka, anaomba m'manja, ena nthungululu, alendo anatulutsa mafoni kuyamba kujambula. Ine ndinaima ndi mpeni m'manja ngati mtengo. Mwana wanga anayang'ana chidutswa chija, kenako anandisakasaka ndi maso pakati pa anthu onsewo mpaka anandipeza. Sanalire. Analavula zimene zinali m'kamwa, n'kuyamba kudzikanda pakhosi ndi zala, ndipo atamutsitsa anasanza pamkekapo. Anthu anasekanso, akuti taonani matama a mwana.

Kuti nzeru yanga anaitenga kukhala yawo, n'kulandira chitenje ndi ndowa yatsopano kwa alendowo, zimenezo ndikanawasiyira, ndowa si kanthu. Chimene chinandipweteka n'choti analumbira potchula dzina la Mulungu, dzanja langa lili m'dzanja lawo, ndipo anadziwa bwino lomwe mmene ndinavutikira. Anagulitsa mwana wanga kuti anthu awaombere m'manja.

Madzulo ake ndinapita kwawo, ndipo sindinapereke moni.

"Achemwali, mwandichita chiyani? Simunalumbire inu?"

"Iwe, nanga ukanamubisira mpaka liti? Mpaka akwatiwe? Ine ndathandiza ana a mudzi wonse, iwe ukulirira mmodzi. Akamva njala adya, mwana sanyanyala m'mimba."

Ananena zimenezo akupinda chitenje chawo chatsopano, osandiyang'ana n'komwe. Ndinawauza mawu ena amene sindingalembe pano. Amuna anga atamva anangoti ndiugwire mtima, chibale ndi fupa sichiola. Anthu amakonda kuponya mwambi umenewu kwa amene walakwiridwa, wolakwayo akudya bwinobwino.

Mwana ananyanyala ndithu. Chigumu, phala, futali, zonse anakana. Ngakhale tiyi wochokera m'manja mwanga ankamuyang'anitsitsa n'kumukankhira kutali. Chimene sindinayembekeze n'choti anayamba kuzembera kuseri kwa mpanda, kukadya kwa achemwali omwewo. Kumeneko ankamupatsa mpunga woyera, mandasi ndi zokhwasula za m'timapepala za kuokala, zimene zimasiya lilime lofiira. Iwo ankasangalala, n'kumauza anthu pachitsime kuti mwana amakana kwa mayi ake koma kwa iwo amatsiriza mbale. Masaya amene ndinawamanga ndi mtondo ndi sefa ndinawaona akuphwa ndi maso angawa.

Tsiku lina ndinakamutenga masana, ndinamukhazika pamiyendo panga, n'kumufunsa mofatsa chifukwa chimene sakudyera chakudya cha mayi ake. Anayankha osachita mantha.

"Amayi aakulu sanama. Inu mumanama."

Ndinafuna kumuuza kuti bodza langalo ndi limene linamubwezera tsitsi lakuda, koma mwana wa zaka zisanu ungamuuze bwanji? Ndipo ine sindikupepesa. Zikanati zibwerere, ndikanasinjanso usipa womwewo.

Ndinayambanso pachiyambi, koma tsopano poyera. Ndinkamuitana akhale pambali pa mbaula aziona chilichonse cholowa mumphika. Iye ndiye ankasenda nthochi, iye ndiye ankathira nsinjiro, ine n'kumuonetsa m'manja kuti mulibe kanthu ngati wamatsenga wa pamsika. Nyemba ndinkazinyenya ndi mthiko iye akuona mpaka makoko asaoneke. Tinasiya kugulitsa mazira kuti azidya iye. Patapita miyezi yambiri anayamba kudya, koma chokhacho chimene waona ndi maso ake kuyambira pothira madzi. Pano ali kusukulu, ndi wamtali koma wowonda, ndipo nsomba sanaikhudzebe. Achemwali akadali kuyenda m'midzi ndi chitenje chija kuphunzitsa chigumu cha usipa, ndipo ana a anthu ena akunenepa nacho. Timapatsana moni, timakumana pamaliro ndi pa Idi, basi.

Chaka chatha, iye ali kusukulu, ndinamuphikira chigumu chopanda usipa ngakhale pang'ono, nthochi, mgaiwa ndi nsinjiro zokha. Ndinaganiza kuti wakula, mwina tsopano andikhulupirira. Atabwera ndinamudulira chidutswa cham'mbali, chopserera pang'ono, n'kumuuza kuti wallahi mulibe nsomba. Analandira ndi manja awiri mwaulemu, anathokoza. Kenako anatuluka nacho pakhomo, anazungulira mpanda, ndipo ndinamumva akuodira kwa achemwali.

"Amayi aakulu, tanunkhizani ichi. Ndingadye?"