Thumba Loyera Limene Ndinasoketsa ku Benga

Nkhaniyi si yopeka, abale anga, ndipo chipsera chili pamwamba pa diso langa lakumanzere chingandichitire umboni. Papita zaka zingapo ndithu, koma mpaka lero ndikaona nsalu yoyera itayanikidwa pachingwe ndimakumbukira tsiku limene ndinapeza chipserachi.

Kwathu n'kumpoto. Mkazi wanga atamwalira ndinabwera kuno ku Chia kudzalima mpunga, ndekhandekha, ndipo ndisakunamizeni, anthu sindinkawafuna. Moni ndinkayankha wa pakhosi, pabwalo sindinkakhala, uthenga wa maliro ukamveka ndinkatseka chitseko n'kumati ndinalira kale anga okwanira. Zaka zinayi zinatha chonchi.

Mpunga ukayamba kucha ndinkasamukira kudimba kukalimbana ndi mbalame ndi mvuu. Pansi pamakhala chinyezi, choncho ndinagula pakaunjika bedi lansalu lomangirira pamitengo iwiri, ndi lona labuluu lotchinga mvula pamwamba pake. Vuto linali posunga. Lona ukangolipinda n'kuliponya pakona, makoswe amaliyesa ndiwo. Telala wina wa ku Benga anandiuza kuti andisokere thumba lalitali lotsegula mbali zonse ziwiri ngati mkono wa malaya, loti ndizingokulunga lonalo n'kulilowetsamo. Anandiyalira nsalu zitatu: chitenje chamaluwa, ina yakuda ndi bafuta woyera. Chamaluwacho chinafanana ndi chimene mkazi wanga ankavala, ndiye ndinachikankhira kumbali. Yakuda ndinaikana poti chinkhanira chikakwerapo sungachione. Nditaloza yoyerayo telala anandiyang'ana, n'kundifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, ndipo atayamba kunena kanthu ndinamudula kuti iye asoke basi, zosankha asiyire ine. Nanga munthu wamakani amamva?

Chaka chimenecho ndinakhala kudimba masabata awiri osaonana ndi munthu. Nditamaliza kukolola ndinakulunga lona, n'kulilowetsa m'thumba lija pamodzi ndi bedi ndi bulangeti, thumba n'kufufuma bwino, kutalika kwake kuchokera pansi kufika m'chifuwa mwanga. Kuti katundu asapulumuke ndinang'amba timizere ta nsalu yotsala n'kumanga patatu, uku ndi uku ndi pakati. Phewa linkandiwawa, ndiye ndinalinyamula m'manja, chopingasa.

Linali Lachisanu masana, dzuwa lili paliwombo, amuna akutuluka mumzikiti. Woyamba kundiona anali mayi wina amene ankachokera kumjigo. Anagwetsa ndowa n'kuyamba kukuwa, ine n'kucheuka kuti ndione chimene chamuopsa kumbuyo kwanga. Kunalibe kanthu. Pamene ndinkatembenukanso n'kuti njira yadzaza anthu, ndipo mawu amene ndinkamva ponseponse anali akuti mwana uja, mwana uja, wapezeka naye. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kanali katasowa masiku atatu apitawo, ndipo mudzi wonse unkakafunafuna kupatula ine.

Mwala woyamba unandipeza pamwamba pa diso. Ndinafuna kufotokoza kuti ndi lona chabe, koma mantha ndi oipa, pakamwa panga pankangotuluka chilankhulo cha kwathu chokhachokha, ndipo wina anakuwa kuti mwamva, akulankhula ndi mizimu yake. Ena ankati mlendo ameneyu adamukayikira kale, munthu wanji wosadya ndi anzake. Mnyamata wina wa kabaza ankapopa petulo panjinga yake yamoto kuthira m'botolo, ine ndikuona. Katunduyo ndinalephera ngakhale kumuponya pansi.

Ndinayang'ana nkhope zonse zija kufuna mmodzi yekha woti anene kuti munthuyu ndikumudziwa. Analipo bambo amene mpanda wake unagundana ndi wanga, analiponso mayi amene ndinkagulako usipa, koma ndikanawaitana bwanji poti ngakhale mayina awo sindinkawadziwa? Anangoyang'ana pansi. Kusungulumwa ndinkati ndimakudziwa chimwalirire mkazi wanga, koma ndinakudziwa tsiku limenelo, pakati pa anthu ambirimbiri.

Kenako gulu linapatuka, mayi wa mwanayo n'kufika akuthamanga, opanda mpango kumutu. Sanandimenye, sananditukwane. Anagwada n'kugwira kumapeto kwa thumba lija, kumene ankaganiza kuti kuli mapazi, n'kumandipempha motsitsa mawu kuti chilichonse chimene ndachita ndachita, koma ndiwalole aone nkhope yokha.

Amene anandipulumutsa anali bambo wina wachikulire, amene amasambitsa maliro a amuna m'mudzimo. Anauza anthu kuti ngati muli mtembo, palibe woponya mwala mtembo uli m'manja, ndipo anandiuza kuti ndiutsitse pang'onopang'ono. Anamasula yekha mfundo zitatu zija, akunong'ona pemphero. Litatuluka lona labuluu, kenako bulangeti langa lonunkha utsi, panali zii. Palibe anaseka, palibenso anapepesa, anthu anangoyamba kuchoka mmodzimmodzi. Mayi aja anapisa dzanja m'thumba lopanda kanthulo mpaka paphewa, n'kulira kulira kumene sindinakumvepo chibadwire. Bambo osambitsa maliro aja anandipukuta magazi ndi mpango wawo, n'kundifunsa modekha ngati pa zaka zonsezi ndinapondako kumanda a m'mudzi muno ngakhale kamodzi.

Patapita masiku awiri asodzi anamupeza mwanayo m'mabango, atamira. Ndinapita kumaliroko, diso lili chotupa, ndipo anthu anandisunthira malo pamkeka. Kwathu timaika m'bokosi, ndiye ndinali ndisanaonepo mmene Asilamu amaikira maliro. Kumanda atamutulutsa mujeneza, chonyamulira maliro chija, ndinaona chimene telala uja ankafuna kundiuza. Anali atamukulunga munsalu yoyera imene amaitcha sanda, yomangidwa patatu, kumutu, pakati ndi kumapazi, kutalika kwake kufika m'chifuwa mwanga.

Ena amati anthu aja anali ankhanza, ndipo n'zoona, akanandiotcha popanda mlandu. Koma ine ndimakhulupirira kuti chachikulu ndinalakwa ndine, chifukwa amene anasenzetsa mayi a mwana uja maliro kawiri si iwo ayi. Akuluakulu adati maliro n'kulirana, ine ndinkayesa kuti akunena za misozi chabe. Choncho inu amene mwasamukira kwa eni, musankhe nsalu yamtundu uliwonse umene mungakonde, koma muyambe mwadziwa mmene anzanuwo amaikira akufa awo. Mayi a mwanayo timakumana kumjigo mpaka lero, amandipatsa moni mwaulemu, koma maso awo amayamba ayang'ana chimene ndanyamula m'manja.