Wometa wa m'wodi ya abambo

Chimene sichinamveke konse za wometa uja n'chakuti munthu wosachita manyazi ndi thupi la aliyense ankachita manyazi ndi zikomo. Ukamuthokoza ankangoyang'ana pansi n'kumatsuka lumo. Ntchito yake inali yometa abambo m'munsi mwa mchombo asanapite ku opaleshoni. Ankayenda ndi beseni, sopo ndi nsalu yotchingira bedi.

Tsiku lina m'wodimo munagonekedwa akalipentala okalamba, mkodzo ukungotuluka modontha. Adokotala anati vuto ndi pulositeti, ndipo pafunika opaleshoni. Amene ankawadwazika anali mwana wawo wamkazi, ndipo akafunsa chowawa ankangomuyankha kuti, "Msana." Kwa iwo kunali bwino kubwerera kunyumba ndi nthendayo kusiyana n'kutchula zakumaliseche pamaso pa mwana wobereka okha.

Wometayo anawapeza akumanga zingwe za nsapato.

"Madala, mukuthawa lumo langa?"

"Si lumo ayi, achimwene. Mwanayu ndimuuza chiyani? Zinthu zakezi zilibe dzina loti munthu wovala n'kutchula."

Wometa anatula beseni n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Dzinalo linkandisowetsa mtendere inenso, mpaka ndinafunsa adokotala ena. Akuti ndi mawu a Agiriki akalekale, otanthauza woima patsogolo. Kanthuko kamakhala pakhomo pa chikhodzodzo ngati mlonda. Tikamakula, mlondayo amanenepa mpaka kutseka khomo."

"Ndiye wangayu wanenepa ndi chiyani, mwinine ndili mafupa okhaokha?"

"Amakuberani m'mbale, madala."

"Musandiseketse, ndinganyowetse bedi!"

Mwana uja atabwera ndi tiyi, akalipentala anati, "Mayi, takhala apa." Anamufotokozera za mlondayo pang'onopang'ono, maso ali kukhoma. Mwanayo anamvetsera mpaka atamaliza.

"Bambo, zofunda zanu amachapa ndine. Ndimangodikira kuti munene nokha."

Kenaka anagwada n'kuwavula nsapato zija.

Akalipentala atachira, anabwera kudzaonedwa chilonda, ndipo anadzera kuwodi kuti akamuone mnzawoyo. Beseni anali atanyamula munthu wina. Anamwino anati wometa anasiya ntchito mwezi wathawo osatsanzika aliyense. Wina anati mwina anapita kwa mlongo wake, wina anati analibe mlongo. Mayi wokolopa ndiye anamuona akutuluka pageti ndi kachikwama paphewa, koma basi imene anakwera sanaione.