Kaseti ya bambo ndinaifufuta ndekha

Lachitatu mwana wanga Esinati anabwera kuchokera kuntchito nkhope ili yakugwa. Amasamalira okalamba ku Lucan, kuno kunja kumene tinasamukira, ndipo ndi mavuto a zachuma alipowa, ndikamuona choncho mtima umangoti basi, amudulanso mashifiti.

Sizinali zimenezo. Kuntchito kwakeko kuli agogo ena a konkuno amene pa utsikana wawo anakagwira ntchito yotaipa ku America, m'tauni yachinsinsi momwe ankapangira bomba la atomiki pa nkhondo yachiwiri. Anthu otolera mbiri ya tauniyo anafuna kudzawajambula mawu chaka chatha, koma thandizo la ulendo wawo linaimitsidwa. Afika sabata ino. Agogowo sitiroko inawagwira mwezi watha, salankhulanso.

"Munthu wayatsa makina ake, ababa, agogo kumangomuyang'ana. Ola lathunthu!" Atatero anaika foni yake patebulo. "Nanga inu, za agogo a ku Katanga zija mudzatiuza liti? Kapena mukudikira sitiroko yanu?"

Ndinati tiyi wazizira, n'kunyamuka.

Lero ndiulule, abale anga. Bambo anga anakumba miyala ku Katanga pa nkhondo yomweyo, miyala imene pambuyo pake tinamva kuti inkapita kukapangira bombalo. Anabwerako ndi chifuwa chosatha. Atakalamba anakhala pakhonde masana onse akulankhula mu wailesi yanga ya kaseti: za fumbi lachikasu, za kapitawo amene ankawaletsa kufunsa mafunso, za anzawo amene sanabwerere.

Nthawi imeneyo ine ndinali ndi ana atatu kale, ndikuphunzira sukulu ya pakalata, manyazi a umbuli atandigwira. Tsiku lina pa wailesi panabwera phunziro la Chingerezi. Kaseti ina ndinalibe. Ndinati za mgodi ndinazimva kale, n'kudina batani lofiira lojambulira pa kaseti ya bambo ija.

Mayeso ndinakhoza. Bambo anamwalira chaka chomwecho osadziwa chimene ndinachita.

Mundiweruze, koma dziyang'aneninso. Ife obwera okhala kuno ku Ongar ndi Tyrrelstown timajambula chilichonse: maukwati, kwaya, ngakhale chipale chofewa chogwa pagalimoto. Ndani mwa ife anayamba waimbira mayi ake kumudzi n'kunena kuti lero sindikufunsa za feteleza, ndiuzeni za inu? Timati tidzawafunsa tikapita ku holide. Holide yake iti, ntchito zikutha chonchi?

Kasetiyo ndikadali nayo. Kumapeto kwenikweni, mphunzitsi wa Chingerezi akamaliza, mawu a bambo amatulukira pang'ono: "...amenewo ndiwo tinawasiya kumeneko. Mayina awowo usawataye, mwanawe."

M'chigawo chimene ndinafufutacho anatchula anthu asanu ndi mmodzi, ndipo amene anamva ndine ndekha. Chaka chatha ndinkakumbukira anayi. M'mawa uno ndapeza atatu, wachitatuyo ndikumukayikira.

Esinati anati tiyambe kujambula mawu anga pa foni yake Loweruka, tsiku lake lopuma. Ndinamugwira dzanja ali kale pakhomo, jekete atavala, akuthamangira basi ya kuntchito.

"Basi ikusiye, mwanangu. Yatsa foniyo pompano."