Woweruza Manudozi wa ku Nkwazi

Kufikira chaka chimene mdzukulu wawo woyamba anabadwa, a Hector Makwinja anali asanaphikepo kanthu kalikonse, ngakhale dzira. Sikuti ankanyadira zimenezi ayi, kungoti panalibe chowakakamiza kuphunzira. Amayi awo anawaphikira mpaka tsiku la ukwati, ndipo kutacha ntchitoyo inagwera akazi awo, a Gwen.

Anabadwira ku Kitwe, m'komboni ya mgodi ya Wusakile, kumene bambo awo ochokera ku Dedza ankagwira ukalaliki. Kunyumba ankalankhula Chinyanja, koma akangotuluka pageti lilime linkatembenukira ku Chibemba, moti anzawo ambiri sankadziwa n'komwe kuti munthuyu ali ndi chilankhulo china chimene amasunga m'nyumba ngati suti ya Lamulungu. Atakula anasamukira ku Ndola, anapeza nyumba ku Nkwazi, ndipo analembedwa ntchito pa kampani ina yokonza mapepala a malole opita ku Congo. Kumpingo wawo wa Presbyterian anali mlembi. Ankawerenga zolengeza ndi mawu olemera, oti ngakhale akunena za tsache limene lasowa m'tchalitchi, munthu unkamva ngati kwagwa maliro.

Moyo wawo unali wosakhota. M'mawa minibasi, masana kontena ya chakudya chimene a Gwen alongedza, madzulo minibasi. Malole a ku Dar es Salaam ndi ku Durban ankadutsa pa desiki pawo ali mapepala, iwo n'kumadinda, koma eniake ulendo wawo wautali kwambiri unali wa ku Lusaka, ku ukwati wa msuweni, ndipo anabwerako akudandaula fumbi.

Ndiye mwana wawo Pilira, amene anakwatiwa ku Solwezi, anachira kudzera pa opaleshoni, ndipo a Gwen ananyamuka kukamusamalira. Anasiya ndiwo zambiri mufiriji. Koma inali nyengo ija magetsi ankazima tsiku lonse, ndiwozo zinasasa sabata isanathe, ndipo a Gwen anaimba foni kuti achedwerako chifukwa Pilira sanalimbe. A Hector anayamba kukhalira mabanzi ndi tiyi.

Dalaivala wina wa ku Tanzania, amene lole yake inaima pabwalo kudikira mapepala, anawaona akulimbana ndi banzi louma nthawi ya nkhomaliro. Anapita ku lole n'kubwera ndi kapaketi kakuda ka manudozi, kolembedwa zilembo zonga timipando ndi timakwerero. Anati ndi ka ku Korea, anakagula pafupi ndi doko, ndipo kuphika kwake n'kungothira madzi otentha, ngakhale mwana akhoza. Mawu akuti ngakhale mwana ndi amene anawalimbitsa mtima.

A Hector anawiritsa madzi m'ketulo ya muofesi, anathira m'kontena ya a Gwen, anang'amba timapepala tonse ta zokometsera n'kukhuthulira momwemo osasiyako, anapemphera, n'kuyamba kudya. A Fridah, amene desiki yawo inali yoyandikana, amafotokoza kuti foloko yoyamba inadutsa bwino, yachiwiri inawaimitsa, kenako misozi inayamba kutsika. Apa m'pamene a Fridah anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. A Hector anavula magalasi, anapukuta nkhope ndi hanki, ndipo Chibemba chonse chimene anakalamba nacho m'tauni chinawathawa. Anayang'ana kontenayo n'kulankhula Chinyanja cha amayi awo, ndi mawu aja a zolengeza.

"Abale, anthu a dziko limeneli pali amene anawalakwira. Sitikudziwa kuti ndani, koma tiwapempherere."

Atatero anamaliza zonse, ndi msuzi womwe, chifukwa njala inalipo.

A Fridah anaika kanemayo pa Fesibuku osawafunsa. Pofika Lamulungu, achinyamata a kwaya ankawapatsa moni akubisa kumwetulira, ndipo wina anawanong'oneza kuti akupemphererabe a ku Korea. Lolemba a Hector anafika kuntchito atakwiya n'kulamula kuti kanemayo achotsedwe. A Fridah sanatsutse, anangowapatsa foni kuti aone zimene anthu alemba. Panali a ku Chipata, a ku Lilongwe, a ku Lusaka, ena ali ku Joni, onse akufunsa kuti mdalayu adzadyanso liti. A Hector anawerenga pang'onopang'ono, monga amawerengera mapepala a lole ya mafuta, ndipo atafika kumapeto anabweza foni n'kunena kuti ngati chinthu chikuchitika, chichitike mwadongosolo.

Dongosolo lake linali lotere. Ikakwana 13, nthawi ya nkhomaliro, ankamanga bwino tayi, kuyala hanki pa desiki, n'kuonetsa paketi kutsogolo ndi kumbuyo. Ankanunkhiza, kulawa msuzi, kenako manudoziwo, ndipo pomaliza ankapereka chigamulo. Za mamalikisi anakana, anati si sukulu. Manudozi abwino ankawalandira mumpingo, apakatikati ankawabweza ku kalasi kuti akaphunzirenso, oipa ankawadula. Akulu ampingo ena anang'ung'udza kuti mawu a tchalitchi sayenera kuthiridwa madzi otentha, koma nkhaniyo inazilala a Jairus, mkulu amene anaiyambitsa, atawapatutsa a Hector kuseri kwa tchalitchi n'kufunsa kuti ndi ati amene munthu wa zilonda za m'mimba angadye.

Mapaketi anayamba kubwera okha. Madalaivala ankawasiya pa desiki pamodzi ndi mapepala. Wophunzira wina wa pa yunivesite ya Northrise anabweretsa a ku India amene mchimwene wake anatumiza. Ena a Hector ankakagula okha Loweruka m'sitolo ya Matchaina ku Kitwe, atavala jekete. Ndipo popeza munthu sungalankhule za msuzi wokha tsiku ndi tsiku, anayamba kufotokoza za anthu a maikowo. A ku Indonesia anati ndi opatsa, poti m'paketi imodzi amaikamo timapepala tambiri, mafuta paokha, anyezi paokha, anthu otere mlendo sagona ndi njala. A ku Nigeria anati samva za munthu, tsabola wawo amalowa osagogoda. A ku India anati amalankhula onse nthawi imodzi koma akumvana. Za a ku England anangoti akuoneka kuti anali pa changu, n'kuwabweza ku kalasi. Ankanena zonsezi motsimikiza, ngati munthu amene anakhalako, ndipo anthu amene anakhalakodi ankalemba kuti mdala wanena zoona.

Tsiku lina anatsegula paketi yoyera yokhala ndi chithunzi cha phiri ndi maluwa ofiirira. Anati ndi ya ku Japan. Analawa, anatsinzina, n'kunena kuti kukoma kotere kumachokera kwa anthu okhala pafupi ndi nyanja yaikulu, anthu aulemu amene sakweza mawu. Anailandira mumpingo ndi manja awiri. Madzulo ake mtsikana wina wa ku Ipusukilo analemba pansi pa kanemayo kuti iye amagwira ntchito pa fakitale imene imapanga manudozi amenewo, konkuno ku Copperbelt, ndipo ndi omwe aja a paketi yachikasu amene a Hector anawadula mwezi wathawo ponena kuti akununkha ulesi. Chasintha ndi pepala lokha. Anthu anaseka kwambiri. A Hector sanabise, tsiku lotsatira anabwera ndi mapaketi onse awiri, anawerenga timalemba tating'ono ta kumbuyo atayandikiza magalasi, n'kuvomera kuti mtsikanayo akunena zoona. Kenako analengeza kuti a paketi yachikasu abwezeretsedwa mumpingo, popeza zaoneka kuti analapa.

A Gwen anabwerera mvula itayamba. Anali atamva kale zonse, pakuti ku Solwezi nakonso mafoni aliko. Komabe kumva n'kwina, kutsegula kabati yako n'kupeza mapoto atakankhidwira kumbuyo n'kwinanso. Kutsogolo kunali mapaketi osanjidwa bwino, a ku Asia pamwamba, a muno mu Africa pansi. Sanakalipe. Anatseka kabatiyo n'kufunsa modekha.

"Bambo a Pilira, zaka zonsezi ndakuphikirani, munayamba mwamangapo tayi chifukwa cha ndiwo zanga?"

A Hector anayankha kuti chakudya cha mkazi wako suchiweruza, umangodya. M'maganizo mwawo ankaona ngati ayamikira. Madzulo amenewo anadya manudozi a ku Vietnam, okha.

Patapita miyezi mutu unayamba kuwavuta, ndipo nsapato zinkawathina pofika masana. A Gwen anawakokera ku kiliniki. Namwino anawayeza, anayezanso mkono winawo, n'kupita kukaitana dokotala. Dokotalayo atalowa anawazindikira nthawi yomweyo. Anawagwira chanza mosangalala, anati iye ndi mkazi wake saphonya kanema ngakhale mmodzi, ndipo wa ku Korea uja amamubwereza akatopa. Kenako anayang'ana zimene namwino analemba, nkhope inasintha, n'kuwauza kuti magazi awo akuthamanga moopsa. Mchere asiye, manudozi asiyiretu, apo ayi mpingo ufune mlembi wina.

Anamvera, chifukwa a Hector ndi munthu womvera malamulo. Koma mapaketi sanamve za dokotala, ankabwerabe. Anayesa kuweruza pongonunkhiza, osalawa. Anthu sanachedwe kudandaula, wina analemba kuti mlembi akuwerenga lipoti la msonkhano umene sanapiteko. A Fridah anati mwina apume kaye. A Hector ankafika kunyumba, kudya nyemba zopanda mchere, n'kukhala pakhonde. Nthawi zina ankatsegula kabati, kuyang'ana, n'kutsekanso.

Loweruka lina kunafika katoni kuchokera kwa namwino wina wa ku Kitwe amene amagwira ntchito ku Manchester. Munali manudozi a ku Malaysia, amene a Hector anali asanaonepo. A Gwen, amene salola chakudya kuwonongeka ngakhale chikhale chachabechabe, anawaona amuna awo akutembenuza paketi ngati kalata ya chibwenzi, ndipo anati abweretse, wolawa akhala iwowo a Gwen, koma kamodzi kokha. A Hector anathamangira tayi. Anaimika foni, analongosola za dzikolo kwa nthawi ndithu, anathira madzi, n'kusendeza mbale kwa akazi awo, amene anakhala ndi chitenje chawo chochapira.

A Gwen analawa n'kunena kuti, "Mchere."

A Hector anadikira. Ataona kuti palibe chikubwera, anawapempha motsitsa mawu kuti awonjezereko pang'ono, anthu akufuna kumva.

"Mchere wambiri," anatero a Gwen.

Kenako anaimirira, anatenga paketi ina n'kupita nayo pa mbaula. A Hector, posadziwa chochita, anawatsatira ndi foni. A Gwen anakazinga anyezi ndi tomato, anaponyamo kapenta, tinsomba touma ta ku Mpulungu, anadula repu, anathira manudoziwo ndi theka lokha la zokometsera, linalo n'kutaya. Sanayang'ane foni ngakhale kamodzi. Zitapsa analawa ndi chikombe, n'kunena kuti tsopano munthu akhoza kupatsa mlendo osachita manyazi.

Kanema ameneyo anaoneredwa kuposa onse a amuna awo kuwaphatikiza pamodzi. Azimayi a ku Chimwemwe ndi ku Lubuto ankafunsa ngati chibwabwa chingalowe m'malo mwa repu. Anyamata okhala okha ankafunsa kuti kapenta amatsukidwa kaye kapena ayi. Onse ankafuna Bana Pilira, monga a Gwen amatchedwera pa Chibemba. Kamodzi kokha kaja sikanathe mpaka lero. A ku Thailand anawathira nsinjiro. A ku Korea anawasungunula ndi dzira ndi kabichi mpaka mkwiyo wawo unatha. Za anthu a maikowo a Gwen sanenapo kanthu, amati sanawaonepo.

A Hector akadali pa kampani ija, akadali mlembi wa mpingo, ndipo mapazi anaphwa. Loweruka lililonse amamanga tayi, kugwira foni, n'kuyamba ndi mawu otsegulira onena za dziko limene paketi yachokera, mapiri ake ndi khalidwe la anthu ake. A Fridah, amene amakonza makanemawo asanawaike, amadula gawo limenelo kuti anthu asatope. A Hector amadziwa, koma amalikonzekerabe mosamala kuyambira Lachinayi.

Mwezi wathawu anaperekeza a Gwen kumsika wa Masala kukagula tomato. Mayi wina wogulitsa kapenta anawazindikira a Gwen, anasiya kasitomala ali chiimire, n'kubwera akupukuta manja pa epuloni. Anati mwana wake wa ku koleji anasiya kudya zopanda ndiwo chifukwa cha iwo, ndipo anapempha chithunzi. Anayang'ana uku ndi uku kufuna womujambula, n'kuona bambo wa jekete ataima pambali ndi chikwama cha tomato. Anawapatsa foni, n'kuwafunsa m'Chibemba ngati amadziwa kujambula.

A Hector anaika chikwamacho pansi, anavala magalasi, n'kuwauza azimayi awiriwo kuti asunthire kuno, chifukwa dzuwa lili kumbuyo kwawo.