Utoto Wofiira wa Nyambo za Atate

Mdzukulu wanga akatsekula kabotolo ka utoto wa m'zikhadabo, ndimatuluka m'nyumba. Fungo lake limandibwezera kumtsinje wa Bua.

Atate ankasula nyambo za mbedza kuchokera ku masupuni akale. Zikachita dzimbiri, ankazikwecha ndi mchenga n'kuzipaka utoto uliwonse umene apeza. Tsiku lina anatulutsa m'thumba kabotolo kofiira, ka fungo lolasa mphuno. Ndinathamanga nako kwa amayi mokondwera.

"Taonani, atate agulira nsomba utoto."

Amayi anakayang'anitsitsa padzuwa. "Kafika kale pakati. Bambo a Yusufu, theka linalo inadzipaka ndi nsomba iti?"

Atate anangopitiriza kukwecha supuni.

Mvula isanagwe, anasamukira kutsidya kwa mtsinje, kwa mayi wina wa zikhadabo zofiira. Nyambo yakutha sanatayepo ndi imodzi yomwe, anataya ife.