Chipsera cha pa Mbale ya a Efraimu

Nkhondo itatha, anthu pobwerera kuchokera ku Malawi ena anasenza malata, ena ankakoka mbuzi. A Efraimu analowa m'mudzi mwawo ku Chiuta atanyamula jiradisiku, kamakina koimbira mbale za nyimbo, atakafunditsa chitenje ngati khanda. Mapoto, mphasa ndi khanda lenilenilo, Ivone, zonse zinali kwa akazi awo a Rabeca, ndipo mayiwo sanaiwale zimenezi mpaka lero.

Ntchito yawo inali yokonza njinga, koma chimene anatchuka nacho ndi kupima mbale. Aliyense wotola mbale m'bwinja kapena kugula yakale pamsika ankabwera nayo kwa iwo. Ankaipukuta ndi malaya n'kuipendeketsa padzuwa, diso limodzi atatsinzina. Kenako chikhadabo chinkayenda pang'onopang'ono, poti pamene chakodwa chikhadabo singano nayonso ikodwa. Chigamulo chinali chaudokotala: yamoyo, yodwala, kapena maliro. Masidi, timbale tonyezimira tamakono tija, atabwera sanawapatse ulemu wotere. Ankangosuzumira kunsi kwake n'kunena kuti, "Iyi kapachikeni kumpunga, iziopseza mbalame."

Koma mudzi wonse unkadziwa kuti m'mbale za eni akewo bamboyo ankafunamo yawo. Inali mbale imene ankaimbira anthu pagule wina ali mnyamata, masana amene anaonana koyamba ndi a Rabeca, ndipo inakandika tsiku lomwelo. Iwo ankati chinakanda ndi chibangili cha a Rabeca. A Rabeca ankakanitsitsa. Pothawa nkhondo mbaleyo inatsala m'nyumba, koma mlanduwo unawoloka nawo malire n'kubwerera nawonso uli wamoyo. Zinkawapweteka a Efraimu kuti munthu woweruza mbale za dziko lonse akulephera kugonjetsa mkazi wake pa mbale imodzi.

Tsiku lina a Husseini, msodzi wa ku Amaramba, anatulukira ndi mbale imene kwawo ankavundikira mtsuko wa mchere. A Efraimu ataona kadontho ka penti wa njinga kamene ankaika pa mbale zawo, anadziwa kuti ndi mbale yawo ija. Anaitana akazi awo, anaitananso onse okhala pamthunzi kuti akhale mboni.

Anapukuta, anapendeketsa, anatsinzina. Kenako anapaona pokandika paja. Iwo omwe ndiwo anaphunzitsa mudzi kuti chinthu chogwera pambale chimakanda mwachisawawa, pamene singano yokokedwa ndi dzanja imasiya mzere umodzi wokhota ngati uta. Pa unyamata paja maso awo anali asanaphunzire zimenezi, koma lero mboni zonse zinkauona utawo.

"Nanga adokotala, matenda ake n'chiyani?" anafunsa a Rabeca, manja ali m'chiuno.

"Singano," anayankha a Efraimu, mawu ali pansi.

"Inayenda yokha?"

"Dzanja linanjenjemera, mayi a Ivone. Munali mutangolowa kumene pabwalo paja."

Anthu anaseka mpaka a Husseini kugwira m'mimba, ndipo a Efraimu anachita manyazi okhaokha. A Rabeca anatenga mbale ija, nafufutapo mchere ndi nsonga ya chitenje, mosamala kuposa mmene ankachitira mwini wake.

"Ndinaliona dzanjalo tsiku lomwelo, bambo a Ivone. Mukanapanda kunjenjemera sindikanakulolani. Tiyeni, ikani mapilya, mabatire aja, mbaleyi iimbe."