Amayi Awiri Ochapa ku Kande

M'chaka changa chachiwiri ku koleji, kumene ndikuphunzira kayendetsedwe ka malo ogona alendo, anatitumiza kukaphunzira ntchito poigwira. Ine ndinapita ku loji ina yaing'ono kufupi ndi Kande. A manijala a pamalopo, bambo a ku Dedza amene anakhalitsa kunyanja koma Chitonga osachigwira, anandipatsa zipinda ndi zochapa kuti ndiziyang'anira. Antchito onse anali aakulu kwa ine. Ankandiitana kuti bwana wamng'ono, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati unali ulemu kapena chipongwe.

Kochapira kunali amayi awiri. Wina anali wachitsikana, wamphamvu, wosakonda kuyankhula. Enawo anali achikulire, a ku Bandawe, amene aliyense ankangowaitana kuti ama. Zala zawo zinali zotupa ndi nyamakazi, kotero kuti kufinya thawulo sankatha. Ankakhala pa benchi n'kumapinda nsalu zouma, uku akuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi. Mvula inali pafupi, ndipo pamalopo panali chizolowezi chakuti alendo akachepa m'dzinja, antchito ena amawapumitsa. Zimenezi ndinkazimva, koma ndinkaziyesa nkhani ya akuluakulu.

Ku koleji anatiphunzitsa kuti mtsogoleri wabwino amadzudzula kumbali ndipo amayamika pagulu. Mfundo imeneyi ndinaikonda kwambiri chifukwa inkaoneka yachifundo. Mwayi woigwiritsa ntchito unabwera pamene chigalimoto cha alendo oyendera mayiko chinagona pamalopo kumathero a sabata. Atachoka, nsalu zakuda zinaunjikana mpaka pazenera, koma pofika Lolemba zonse zinali zoyera.

M'mawa uliwonse tinkasonkhana kuseri kwa khitchini. Lolemba lomwelo, pemphero litatha, ndinapempha kuyankhula. Ndinanena, ndi mawu amene ndinawakonzeratu, kuti mayi wachitsikana uja wachapa nsalu zonsezo yekha, popanda womuthandiza, ndipo kuti tonse titengere chitsanzo chake. Ndinayembekezera kuti anthu awomba m'manja. Anawomba ama okha. Mayi amene ndinamuyamikayo anaweramitsa mutu ngati wagwidwa akuba. Bambo ophika anatsokomola, n'kunena kuti, "Ada, mawa muyamikeko mphika wangawu, nawonso suchoka pamoto." Anthu anaseka pang'ono n'kubalalika. A manijala sanaseke, ankangogwedeza mutu.

Masana mayi uja anandipeza pa zingwe zoyanikira.

"Achimwene, ndinakulakwirani chiyani?"

Ndinamuyankha kuti sanalakwe chilichonse, ndipo kuti ndinkamuthokoza.

"Anakuuzani ndani kuti ndinachapa ndekha?"

"Ndinaona ndi maso anga."

"Maso akanaona basi. Pakamwa panalowa bwanji?"

Kenaka anandifotokozera, Chichewa chake chikusakanikira ndi Chitonga chifukwa cha mkwiyo. Mwamuna wake atapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, ama ndiwo anamubweretsa pa lojipo, namuphunzitsa kuchotsa dzimbiri pa nsalu ndi kusita makolala. Tsopano manja awo atatha, iye ankachapa za anthu awiri, ndipo aliyense ankadziwa, kuyambira mlonda mpaka ophika. Ngakhale a manijala, iye anati, ayenera kuti ankadziwa. Chimene chinalipo n'chakuti palibe anali atazinenapo pagulu.

Apa m'pamene mutu wanga unayamba kuzungulira. Ngati onse ankadziwa, mawu anga anasintha chiyani? Sindinatchule ama. Sindinadzudzule munthu. Ndinabwereza m'maganizo chiganizo chilichonse chimene ndinayankhula, ndipo sindinapezemo bodza.

Sabata isanathe a manijala anandiitana ku ofesi.

"Wandithandiza, mnyamata," anatero. "Eni ake a malo ano akufuna kochapira kutsale munthu mmodzi dzinja lino. Ndinkasowa poyambira."

Ndinayesa kufotokoza kuti amayiwo amagwirira limodzi, kuti kupinda nsalu nayonso ndi ntchito.

"Kodi tsiku lija unanama?"

"Ayi, bwana."

"Nanga vuto lili pati? Antchito onse anamva. Ndikawasiya pa ntchito amawo, mawa wina adzandifunsa chifukwa chimene iye akupumira pamene wosachapa watsala. Ukufuna kuphunzira utsogoleri? Pita ukawauze wekha amawo kuti apume. Dzinja likatha tidzaona."

Ndinawafunsa ngati kudzaonako kukutanthauza kuti adzawaitananso. Anayamba kuyankha foni imene, monga ndinaonera, sinalire.

Tsikulo ama sanali pa ntchito, choncho ndinakwera kabaza kupita kwawo. M'njira ndinkakonza mawu: kuyamba ndi kuthokoza, kufotokoza chifukwa, kutsiriza ndi chilimbikitso, monga mmene tinaphunzirira. Ndinawapeza akutembenuza chinangwa chimene anayanika pa thandala. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pa mphasa, ndipo anandifunsa za makolo anga ndi za sukulu mwaulemu wonse. Nditatsegula pakamwa kuti ndiyambe, anakweza dzanja.

"Musavutike, bwana wamng'ono. Ndinamva Lolemba lomwe lija."

"Lolemba a manijala anali asanaganize chilichonse, ama."

"Iwo anali asanaganize. Ine ndinamva."

Ndinawauza kuti cholinga changa sichinali chimenecho. Anavomera msanga, mopanda mkwiyo uliwonse, ndipo zimenezi zinandisokoneza koposa. Anati mnzawoyo ndi wolimbikiradi, ndipo kuti nawonso pa utsikana wawo akanakondwa wina atawayamika chotero. Ndinafunsa ngati akuona kuti ndinalakwa. Anaseka, nati funso limenelo ndikafunse aphunzitsi anga, poti iwo sukulu anailekera panjira.

Pamene ndinkatsanzika anandiperekeza mpaka pa msewu.

"Mvula ikayamba nsalu siziuma," anatero. "Zimafuna wina azianula, wina akuchapa. Mwana uja watsala yekha. Muzimuthandiza ndinu?"

Ndinayankha kuti nthawi yanga yatha, ndikubwerera ku koleji Lamulungu.

"Oho," anatero ama. "Yewo, ada. Muyende bwino."

Anabwerera ku chinangwa chawo, ndipo ine ndinaima pa msewu kudikira kabaza.